Sabata yosanthula banja la eni

Lolemba m'mawa, ndisanavule n'komwe jekete, anandipeza mayi wina ndi amuna awo atanyamula envelopu yomwe inali itachita kufewa ndi kugwiragwira. Ndimagwira ntchito yothandizira loya pa kaofesi kena koona nkhani za anthu olowa m'dziko la America. Uphungu wa malamulo amapereka ndi abwana anga, osayina ndi iwo omwewo. Ine yanga ndi kusonkhanitsa umboni, kulemba, kumasulira ndi kuwerenga masiku. N'chifukwa chake maso anga anathamangira pa deti la kalatayo, ndipo mutu unaima.

Kalata ya mtunduwu pantchito timangoti NOID. Ndi chenjezo lochokera ku USCIS, nthambi ya boma la America yoona za olowa m'dziko, loti akufuna kukana pempho lanu, ndiye ngati muli ndi chonena munene. Amapereka masiku 30, n'kuwonjezerapo 3 ngati yabwera pa positi, basi, kupempha kuti akuonjezereni n'kutaya nthawi. Awiriwa anali ataikhalira masiku 25.

“Nanga masiku onsewa munali kuti, mayi?”

“Achemwali, manyazi,” anatero akuyang'ana pansi.

Bamboyo ndi nzika ya kuno, amayendetsa thiraki yawoyawo maulendo ataliatali. Mayiyo ndi Mmalawi, anabwera kudzaphunzira, pano amasamalira okalamba. Mafomu a I-130 ndi I-485, opempha kuti mayiyo apatsidwe green card (chilolezo chokhazikika ku America) kudzera mu ukwati wawo, analemba okha popanda loya, ndipo analemba bwino ndithu. Kalatayo inatchula zinthu zitatu. Munthu wina anakanena kuti mayiyo anagula ukwati ndi $9,000. Akuluakulu ofufuza atapita kunyumba kwawo mu February sanapeze munthu, ndipo woyandikana nawo anawauza kuti mkaziyo sanamuone kwa masabata angapo. Chachitatu, pa mafunso omwe a USCIS anawafunsa mu November mayankho a awiriwa anasiyana malo asanu.

Woneneza sanatchulidwe. USCIS ili ndi fomu pa intaneti yomwe aliyense angalembepo zomwe akukayikira popanda kupereka dzina lake. Pali chifukwa chake, maukwati a mapepala alipodi, ndipo ena timawabweza pakhomo pathu pomwepa. Koma fomu yomweyo ndi nkhwangwa yakuthwa m'manja mwa munthu wofuna kusemera mnzake chinyau. Iye amalemba kwa mphindi khumi n'kukagona. Oyankha ndiye amaonda.

Abwana anawafotokozera kukula kwa nkhaniyo mosabisa. Lamulo la mu 1986 limati wolowa ukwati pofuna kuzemba malamulo a olowa m'dziko angathe kukhala kundende mpaka zaka 5 kapena kulipira mpaka $250,000, kapena zonse ziwiri. Koma chomwe ife timachiopa tsiku ndi tsiku ndi ndime 204(c) ya lamulo la olowa m'dziko. Akangolemba m'faelo mwako kuti unachita ukwati wachinyengo, palibenso pempho lina lokuitanira lomwe lingavomerezedwe, ngakhale utadzakwatiwa ndi wina n'kubereka naye ana asanu. Chidindo chimenecho sichifufutika.

Lachiwiri tinawalekanitsa, monga momwe anawachitira kumafunso. Njira yofunsa mwamuna payekha mkazi payekha, kenako n'kuyerekeza mayankho, imadziwika ndi dzina loti Stokes, kuchokera pa mlandu wa ku New York wa m'ma 1970. Mayankho asanu osiyanawo sanativute. Galimoto yotola zinyalala imabwera tsiku lanji? Munthu amene amagona kunyumba mausiku asanu ndi limodzi pamwezi angadziwe bwanji? Makatani akuchipinda ndi amtundu wanji? Mayi anati obiriwira, bambo anati otuwa, ndipo titaona chithunzi chake ine ndi abwana tinasiyananso. Pa zaka zomwe ndakhala pa ntchitoyi, amene amayankha mofanana ndendende, mpaka mtundu wa mswachi, ndi amene ndimawayang'ana kawiri. Anthu okhaladi limodzi saloweza nyumba yawo.

Nkhani ya mu February ndi yomwe inatidyera tsiku. Nditafunsa kuti woyandikana nawo uja ananeneranji zimenezo, mayiyo anayankha mofulumira kwambiri kuti ankagwira ntchito ya usiku. Ndinapempha mapepala a malipiro. Ankasonyeza ntchito ya masana. Tinakhala chete kanthawi, kenako ndinatseka chitseko n'kusiya Chingelezi.

“Mayi, mukabisa matenda maliro tidzamva. Munali kuti?”

Analira kaye. Mu December anapita padera ali ndi pakati pa miyezi inayi. Amuna awo anali kutali ndi katundu wa eni, ndipo m'malo moisiya thiraki n'kukwera ndege, anakatula kaye katunduyo n'kufika patapita masiku atatu. Mayiyo sanathe kuwakhululukira. Chakumayambiriro kwa January analongedza kachikwama n'kukakhala kwa mayi wina wakutchalitchi, masabata asanu ndi limodzi. Ofufuza aja anafika mkati mwa masiku amenewo.

“Tingolemba kuti ndinali kuntchito, achemwali. Akamva kuti ndinachoka pakhomo basi atimaliza.”

Mantha awo ndinawamvetsa. Koma bodza lolembedwa pa chikalata cholumbirira lili ndi chilango chakechake, ndipo likanasandutsa chinyau chomwe anawasemera chija kukhala choona. Abwana atalowa anawauza za mlandu wa Bark wa mu 1975, pomwe khoti la apilo linanena kuti funso lalikulu ndi loti kodi pa nthawi yomwe awiriwo ankakwatirana ankafunadi kumanga moyo limodzi. Kupatukana pakokha si umboni woti ukwati unali wabodza, poti mabanja enieni amapatukana pa zifukwa zambirimbiri. Ndinawamasulira pang'onopang'ono. Anapukuta misozi n'kufunsa ngati n'kofunika kuti amuna awo awerenge zomwe alembe. Ndinati inde. Anati ndiye adzamva zomwe sanawauzepo.

Lachitatu linali la mapepala okhaokha, ndipo ndi ntchito yomwe anthu amaiderera. Ambiri akamva zoti abweretse umboni wa banja amabwera ndi zithunzi za ukwati mazana awiri. Zithunzi n'zabwino, koma aliyense angabwereke suti. Chomwe chimalemera ndi pepala lomwe linalembedwa ndi munthu wina, pa chifukwa china, wosaganiza n'komwe za green card. Tinaitanitsa chikalata cha ku IRS, bungwe lotolera misonkho, chosonyeza kuti msonkho anapereka limodzi ngati banja. Tinapeza pangano la lendi lokhala ndi mayina onse awiri, inshulansi ya galimoto, ndi kaundula wa maulendo a thiraki wochokera pa kachipangizo kolemba maola a dalaivala, wosonyeza kuti tsiku lomwe ofufuza anagogoda bamboyo anali pamsewu. Kuchipatala anatipatsa faelo ya mu December: dzina la woimbiridwa foni pakagwa zadzidzidzi linali la bamboyo, yolipira inali inshulansi yawo. Bilu ya foni inasonyeza kuti usiku umenewo anaimbirana maulendo 14.

Za $9,000 zija zinali zoona kuti ndalamayo inachoka mu akaunti ya mayi kupita ya bambo. Bodza labwino limakhala choncho, limatsamira pa kanthu koona. Koma patangopita masiku awiri, mu akaunti ya bamboyo munatuluka $8,740 kupita ku galaja. Injini ya thiraki inali itafa. Lisiti lake bamboyo analipeza m'kabati ya m'thiraki momwemo, lothimbirira ndi oilo, ndipo ndinachita kuliwongola ndi buku ndisanalijambule. Mkazi wopereka ndalama zomwe anasunga zaka zitatu kuti thiraki ya mwamuna idzuke, ameneyo ndiye akuti wagula ukwati.

Apa bamboyo anapsa mtima. Anati za ndalamazo ankadziwa anthu atatu okha, ndipo mmodzi ndi mkazi wawo wakale amene akulimbana naye pa nkhani ya ndalama zothandizira mwana. Ankafuna kumuimbira pompo. Abwana anawaletsa mwamphamvu. Sitikudziwa kuti ananena ndani, ndipo ngakhale tikanadziwa, foni yaukali imodzi ingasanduke nkhani yoopseza mboni. Mumtima ndinkagwirizana nawo bamboyo kuti kapasule ndi yemweyo, koma yankho lathu silipita kwa kapasule. Limapita kwa munthu yemwe ali ndi faelo pa desiki, ndipo iye akufuna kudziwa za ndalama, osati za mkangano wa anthu osiyana ukwati.

Pakati pa zonsezi ntchito zina sizinaime. Ndinatumiza fomu ya I-751, yopempha green card yokhalitsa, ya banja lina lomwe green card yake ya zaka ziwiri inkatha, ndinayankha mafoni, ndinalimbana ndi makina osindikizira omwe amasankha sabata ngati imeneyi kuti adwale.

Lachinayi mayiyo anabwera ndi chinthu chomwe sindinawapemphe. Anandipatsa foni yawo atatsegula WhatsApp, pa macheza awo ndi akulu awo a mimba imodzi, kuyambira January mpaka pakati pa February. Lamulo limafuna kuti chilichonse cha m'chinenero china chiperekedwe pamodzi ndi kumasulira kwake konse m'Chingelezi, womasulira n'kusayina kuti amadziwa zinenero zonse ziwiri ndipo wamasulira moona. Ndinakhala nawo mpaka usiku. Munalibe mawu okoma ngakhale amodzi onena za bamboyo. “Munthuyu wandikwana.” “Katundu wa eni ndiye mkazi wake.” Akulu awo ankangoti pirira mng'ono wanga, maliro awa ndi a nonse awiri. Pa 3 February, itangokwana 2 koloko ya usiku, panali uthenga uwu: “Akuti kwagwa chipale chofewa kumene ali. Sakuyankha foni. Mtima suli m'malo.” Patapita mphindi makumi anayi: “Wayankha. Chitsiru, anagona.”

Liwu loti chitsiru linandiimitsa. M'Chingelezi limatuluka louma, lachipongwe chokhachokha, pomwe apa aliyense womva Chichewa akumva mpumulo wa munthu amene mtima unali m'mwamba. Koma womasulira saloledwa kukometsa. Ndinalemba momwe lilili, n'kusiya uthenga wa pamwamba pake kuti ulankhule wokha. Abwana atawerenga m'mawa mwake anati tsamba limenelo likhale kutsogolo kwa zithunzi zonse za ukwati.

Tsiku lomwelo abusa amene anawayanjanitsa analemba chikalata chawo cholumbirira, chimodzimodzinso mayi wakutchalitchi uja. Woyandikana nawo naye anavomera kulemba. Sanabweze zomwe ananena, poti zinali zoona, koma anaonjezera zomwe sanafunsidwe tsiku lija: kuti mkaziyo ankamuona pakhomopo kuyambira pomwe anasamukirapo, ndipo anamuonanso atabwerera.

Lachisanu abwana anamaliza kalata ya malamulo. Anakumbutsa za chigamulo cha Board of Immigration Appeals, bungwe lomva apilo pa nkhani za olowa m'dziko, cha mu 2019, pa mlandu wa P. Singh, choti chidindo cha 204(c) chimafuna umboni wolemera ndi wogwirika, osati kungokayikira. Ine ndinaika manambala pa masamba 212, kalata ya NOID yeniyeniyo pamwamba monga amafunira. Asanasayine chikalata chawo, bamboyo anawerenga cha akazi awo. Anachiwerenga ataimirira pawindo atatifulatira, ndipo anatenga nthawi yaitali kuposa momwe masamba anayi amafunira. Atatembenuka anangofunsa kuti asayine pati.

Yankho lingabwere pakatha miyezi, ndipo likadzakhala lokana tidzakhala ndi masiku 30 ochita apilo. Ndinawauza zimenezi kuti asamadzuke m'mawa uliwonse n'kuthamangira kubokosi la makalata, ngakhale ndikudziwa kuti azithamangirabe. Phukusi ndinakalipereka ndekha kwa onyamula makalata itatsala pang'ono 5 koloko, loti lifike Lolemba, kutatsala tsiku limodzi. Pobwerera ndinawapeza akadali poimika magalimoto, akukangana kuti ayendetse ndani.