Chidindo ndi cha boma, galimoto ndi ya bungwe

Temu ino aphunzitsi anatipatsa ntchito yolemba za mmene Dipatimenti ya Zankhalango ya ku Zambia imagwirira ntchito ndi mabungwe omwe si aboma. Ndisanayambe kuwerenga, nkhalango ndinkangoidziwira m'matumba a malasha olowa mu Lusaka pa Great East Road, makamaka mu 2024 pomwe madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumazima tsiku lonse, tonse n'kubwerera ku mbaula.

Chinanditsegula maso ndi lamulo la Forests Act la 2015, pamodzi ndi malamulo a 2018 okhudza nkhalango za m'midzi. Anthu a m'mudzi akhoza kupanga gulu, mfumu n'kuvomereza, kenako n'kulembetsa kwa mkulu wa dipatimenti kuti nkhalango yawo aziyang'anira okha ndi kupindula nayo. Powerenga zimamveka zophweka. Koma pamafunika misonkhano yambiri, mapu a malire, malamulo a gulu, ndi munthu wopita ndi makalata ku boma kangapo konse. Ndikaganiza za agogo anga ku Katete, ndalama ya basi yokha ikhoza kuwabweza panjira.

Mabungwe amathandiza pamenepa. Ena amapitirira apo: COMACO, bungwe lothandiza alimi kum'mawa kwa dziko lino, imaphunzitsa alimi kubzala mitengo ya gliricidia m'minda, imagula mtedza, mpunga ndi uchi wawo n'kugulitsa pa dzina la It's Wild!, kuti munthu asamadyere nkhwangwa yokha.

Mwezi watha kalasi yathu inapita kumudzi wina kupitirira Chongwe. Ofesala wa zankhalango anafika atakwera galimoto ya bungwe lomwe likuthandiza kumeneko. Iye ndiye anali ndi chidindo ndi mphamvu ya lamulo, koma mafuta ndi makina oyezera malire zinali za bungwe. Amayi ena, msungichuma wa gulu, anamasula buku lomwe analikulunga m'pulasitiki. Munali mayina a olondera nkhalango, masiku omwe anazimitsa moto wolusa, ndi chiwerengero cha ming'oma ya njuchi, zonse zolembedwa ndi pensulo. Atamaliza anatembenukira kwa ofesala mwaulemu: "Bwana, pulojekiti ikadzatha, mudzabwera pa chiyani?"

Funso limeneli ndabwera nalo kunyumba, ndipo landisinthitsa zomwe ndinalemba poyamba. Ndinali nditayamikira mgwirizano n'kusiyira pomwepo. Tsopano ndikuona kuti ndalama za bungwe zili ndi tsiku lothera, pomwe mtengo wa m'tchire la miombo ukadulidwa umatenga zaka zambirimbiri kuti ubwerere msinkhu wake. Amene adzatsale ndi mitengoyo ndi amayi aja ndi ofesala uja. Choncho ndalemba kuti mgwirizano uliwonse uzinena poyera, kuyambira tsiku losainirana, kuti ulendo wa ofesala adzalipira ndani bungwe likadzachoka, ndiponso kuti mapu ndi zolemba zonse zizitsala m'manja mwa gulu.

Ndikupereka ntchitoyi Lolemba. Pa 15 December ine ndi anzanga atatu tagwirizana kubwerera kumudzi kuja. Amayi aja anatipempha kuti tikawathandize kukopera buku lawo, popeza pensulo yayamba kufufutika.