Mbale za m'bokosi la agogo

Loweruka. Kunacha ndi nkhungu yophimba phiri lonse la Dedza, madzi a mumgolo akuluma zala. Ndisanamwe ndi tiyi yemwe, amalume anaimba foni kuchokera ku Bembeke. Akusasula denga la nyumba ya malemu agogo kuti akhomepo malata atsopano, ndiye potulutsa katundu apeza bokosi lachitsulo lomwe agogo anabwera nalo kuchokera ku Joni. "Mphwanga, bwera udzaone wekha. Mbale zija zilimo."

Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, mphepo ikundilowa mpaka m'mafupa. Nditafika ndinapeza bokosilo lili pakhonde, ana atalizungulira. Pansi pa bulangete lodyeka ndi njenjete munali mbale za nyimbo 23, zoimba pa gumbagumba. Zitatu zinali zolemera ndi zouma gwa, imodzi itasweka pakati. Zinayi zinali zikuluzikulu, m'zikuto za zithunzi zofwifwa. Zotsalazo zinali zing'onozing'ono, za nyimbo za simanjemanje ndi kanindo, ndipo pamapepala ake apakati ndinawerenga mayina a Johannesburg ndi Nairobi. Mwana mmodzi anafunsa ngati zili zovindikirira poto.

Amalume anakhala pa mpando wandalema n'kuyamba kusimba. Agogo anapita kumigodi pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, ndipo anali m'gulu lomaliza, chifukwa ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974, Kamuzu analetsa ulendowo. Anabwerako ndi njinga, mabulangete ndi gumbagumba ya mabatire. Gumbagumbayo inkabwerekedwa m'maukwati mpaka ku Lizulu, ndipo amalume, ali mnyamata, ndiwo ankaisenza pamutu. Mbale za kanindo anadzagula pambuyo pake konkuno. Gumbagumba ija makoswe anaidya mawaya kalekale.

Kenaka anachita chinthu chomwe chandikhala m'mutu tsiku lonse. Anapinda pepala la m'kope mosongoka ngati mmene amapindira ogulitsa mtedza, kumapeto kosongokako n'kubayako singano yosokera. Mbale ina yomwe inali itang'aluka kale anailowetsa pa pensulo, nandiuza kuti ndiziizunguza. Singano itangokhudza, m'pepala muja munatuluka timawu ta azimayi akuimba, tochepa ngati kulira kwa udzudzu, koma tomveka bwinobwino. Popanda batire, popanda waya. Ana aja anati zii. (Musayesere pa mbale yabwino, singano yosokera imapalapasa.)

Masana ndinatenga mbale zisanu kubwerera nazo paboma, kwa bambo wina wachikulire wokonza mawailesi kuseri kwa msika. Ndinkadziwa kuti ali ndi choimbira mbale chomwe amachisunga pansi pa tebulo, atachifunditsa nsalu. Atangoona zomwe ndanyamula anavula magalasi n'kuseka chamumtima. Sanathamangire kuimba. Anayamba watsuka imodzi ndi madzi ndi kadontho ka sopo, akupukuta mozungulira ndi kansalu kofewa, osanyowetsa pepala lapakati. Ikuuma, anandipatsa galasi lake lokulitsa zinthu. "Taonani apa, achimwene."

Ndinkayesa kuti pa mbale pali mizere yambirimbiri. Ayi ndithu. Mbali iliyonse ili ndi kanjira kamodzi kokha, koyambira m'mphepete n'kumazungulira mpaka pakati. Ukakayang'ana pagalasi, kanjirako n'kokhotakhota ngati mkukuluzi wa njoka pamchenga. Pomwe ng'oma yagunda kakhota kwambiri, pomwe nyimbo yadekha kawongokerapo. Singano ikamadutsamo imagwedezeka motsatira makhotawo, ndipo kugwedezekako ndiye nyimboyo. Choimbira chimangokusandutsa mphamvu ya magetsi kuti sipika ikuze. Pa mbale za sitiriyo, zomwe zinayamba kugulitsidwa mu 1958, khoma limodzi la kanjirako limanyamula mawu a sipika ya kumanzere, linalo a kumanja.

Za kapangidwe kake bamboyo anandifanizira ndi kuumba njerwa, ndipo zinagwirizana ndi zomwe ndinawerengapo. Poyamba amatenga mbale ya aluminiyamu yokutidwa ndi utoto wofewa. Nyimbo ikamaimba kuchokera pa tepi kapena pa kompyuta, singano yotenthetsedwa imagoba kanjira kaja pa utotowo. Akalakwitsa pang'ono, mbali yonse amayambiranso pa mbale ina. Yogobedwayo ndi yofewa, singaumbire anzake, choncho amaipopera siliva n'kuiviika m'madzi a mankhwala odutsamo magetsi mpaka chitsulo cha nickel chitamera pamwamba pake. Akachimatula chitsulocho, pomwe panali ngalande pamakhala mtumbira. Chimenecho ndiye chikombole. Amatha kuchibereketsa kuti apeze zikombole zambiri, popeza chimodzi chimatha mano chikadinda kwa nthawi.

Dothi lake ndi pulasitiki wa PVC, yemweyu wa mapaipi a madzi, ndipo kuda kuja amachita kuthiramo mwaye. Amamusungunula n'kupanga kamtanda konga chitumbuwa, pepala la dzina pansi, lina pamwamba, n'kukapana pakati pa zikombole ziwiri ndi mphamvu ya matani pafupifupi 100, nthunzi ikutenthetsa, kenaka madzi n'kuziziritsa. Theka la mphindi, mbale yatuluka, angoisadza m'mphepete. Pepala lija salimata ndi guluu, limalowerera lokha m'pulasitiki wotenthayo. N'chifukwa chake mapepala a mbale za agogo akadali pomwepo chikhalirecho zaka 50 zapitapo.

Zolemera zitatu zija, anatero bamboyo, si zapulasitiki. Ndi zakale zozungulira ka 78 pa mphindi, zoumbidwa ndi utomoni wa tizilombo ta m'mitengo ya ku India, ndiye zikagwa zimasweka ngati mbale yadothi. Zikuluzikulu zozungulira ka 33 ndi pang'ono anazitulutsa a kampani ya Columbia mu 1948, zonyamula mphindi 20 ndi kuposerapo mbali imodzi. Zing'onozing'ono za 45 zinabwera chaka chotsatira kuchokera ku kampani ya RCA Victor. Ndipo mpaka lero woimba akatulutsa nyimbo pa intaneti timati watulutsa chimbale, pomwe mbale yeniyeniyo sanaigwirepo.

Itauma, anaiika. Kunamveka kaye thetheya ngati chimanga chikukazingidwa m'phale, kenaka gitala, kenaka besi yonona. Mayi wogulitsa kachewere panja anasiya ndowa yake n'kudzasuzumira pakhomo. Itatha, ndinaifufuza nyimbo yomweyo pa YouTube, mwamwayi ndinaipeza, ndipo tinalumikiza foni ku sipika yomweyo kuti mlandu uweruzidwe mwachilungamo.

Ndinene zomwe makutu anga amva. Ya pafoni inali yoyera, yopanda thetheya, ndipo timawu tapamwamba tinkamveka bwino kuposa pa mbale. Ndimamva anthu akunena kuti mbale imaposa chilichonse, koma ine sindikuvomereza. CD, yomwe a Sony ndi a Philips anaitulutsa mu 1982, imayeza mawu ka 44,100 pa sekondi iliyonse n'kuwasunga ngati manambala, ndipo kuyeza kotereku kumakwanira zonse zomwe khutu la munthu limamva. Manambala satha ngakhale uimbe kangati, pomwe singano imadya mbale pang'onopang'ono. Mbale ilinso ndi malire ake. Besi ikachuluka singano imadumpha, choncho pogoba amaichepetsa dala, choimbira n'kudzaibwezeretsa. Komanso singano ikamayandikira pakati, bwalo limachepa, makhota aja amapanikizana, mawu n'kuyamba kusasa. Bamboyo anandimvetsera zimenezi pa nyimbo yomaliza ya chimbale chachikulu, ndipo n'zoona.

Koma chomwe ambirife timachitcha nyimbo za makono si CD ayi. Ndi zija timakabenetsa pamsika mu memory card, za MP3 zofinyidwa kuti zikwane zikwizikwi, pomwe zina mwa mawu zinatayidwa kale, n'kumazimvera pa kasipika ka foni kochepa ngati njere ya nyemba. Zimenezo mbale ya agogo inaziposa kutalitali. Mawu ake ndi odzadza, ofunda, osabaya m'khutu, ngakhale ndikudziwa kuti kufundako mbali ina ndi chilema cha singano ndi pulasitiki. Chilemacho ndachikonda. Ndipo kwa mphindi zitatu zija palibe anagwira foni kapena kudumphitsa nyimbo. Tonse atatu tinangoti duu, kuyang'ana mbale ikuzungulira.

Pochoka bamboyo anakana ndalama. Anangondilangiza kuti ndisamazisanjikize mogoneka, ndiziziimika ngati mabuku, kutali ndi dzuwa ndi moto, chifukwa zikapindika kuziwongola n'kovuta. Imodzi mwa zisanu zija ndi yopindika kale, singano imakwera ndi kutsika ngati bwato pa mafunde.

Madzulo ndinaimbira amalume kuwauza kuti zinayi zikuimba. Anakhala kaye chete, kenaka anafunsa ngati bamboyo amatsegula Lolemba, chifukwa akufuna abwere ndi amayi, mlongo wawo, adzamvere limodzi. Ati pali ina ya pepala lofiira yomwe inaimbidwa pa ukwati wa amayi, ndiye ndikaifufuze m'bokosi muja mawa tikaweruka ku tchalitchi. Zinayi zija ndaziimika pakati pa mabuku pa shelefu, yopindikayo ndaiika payokha.