Tiyi wa mufulasiki pa mpanda wa Stonehenge

Alamu anga atamva kuti tikiti yolowera ku Stonehenge, bwalo la miyala ikuluikulu yomwe anthu akalekale anaimika kuno ku Mangalande, ndi pafupifupi mapaundi 30 munthu mmodzi, anaimitsa galimoto pambali. "Alamu, ndalama zonsezo kukaona miyala yomwe sakulola n'kuigwira komwe?" Ndinalibe choyankha. Choncho tinasiya galimoto ku Larkhill, mudzi wa asilikali womwe uli kumpoto kwa malowa, n'kuyenda wapansi pafupifupi theka la ola m'kanjira ka fumbi. Kanjirako n'kaboma, kaulere, ndipo kamakufikitsa pa mpanda wa waya pomwe miyala imaoneka bwinobwino. Olipira amakhala patsogolo panu ndi mamita ochepa chabe, nawonso atatsekerezedwa ndi chingwe.

Za ulendo wochoka ku tauni ya Reading sindinena zambiri, kupatula kuti msewu wa A303 ndi woyesa mtima. Aliyense amachepetsa liwiro kuti aone miyalayo pawindo, ndiye mzere wa magalimoto umafika kutali.

Mphepo ya pachigwa cha Salisbury ilibe chisoni. Ndinali nditavala kajekete kopyapyala, manja ali gwa. Pa mpandapo panali agogo ena achizungu, ndi galu wawo, chikwama kumsana. Anandiyang'ana kamodzi, osafunsa kanthu, n'kutsegula fulasiki. Tiyi wamkaka, shuga wochepa monga amachitira kuno, koma wotentha. Chivindikiro chomwecho ndicho chinali kapu, tinkalandizana ndi alamu. Kenaka anatulutsa mabisiketi ndi mabainokula.

"Mwana wanga, usataye nthawi ndi italiitaliyo," anatero. "Yang'ana pakati, pansi, pomwe pagona miyala iwiri yakugwa. Pansi pake pali wina."

Ndinayang'ana mpaka maso kutuluka misozi. Ndinaona yakugwayo, ndinaona udzu ndi khwangwala, koma winayo ayi. Agogowo anaseka, nati ngakhale olipira ambiri samuona. Ndiwo mwala wotchedwa Altar Stone: wolemera matani 6, wotalika pafupifupi mamita 5, wogona chafufumimba, theka lake litamira m'nthaka. Kwa zaka zambiri akatswiri ankati unachokera ku Wales, monga miyala ina ing'onoing'ono yobiriwira ya m'bwalomo yochokera ku mapiri a Preseli. Koma mu Ogasiti 2024, Anthony Clarke, yemwe panthawiyo anali wophunzira wa ku Curtin University ku Australia, ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza m'magazini ya Nature. Anayeza zaka za timchenga ta zircon topezeka m'zidutswa za mwalawo, ndipo zakazo zinagwirizana ndi miyala ya kumpoto chakum'mawa kwa Scotland. Makilomita pafupifupi 750. Kuposa kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu, popanda lole, popanda gudumu, zaka zoposa 4,000 zapitazo.

Alamu, amene amayendetsa malole usiku kuno ku Mangalande, apa ndi pomwe anadzuka. Iwo akuti pamadzi basi, palibe wamisala angakoke matani 6 kudutsa mapiri a Scotland. Agogo akuti pamtunda, chifukwa chinthu chamtengo wapatali chotero sungachiike pa bwato lachikopa m'nyanja yaukali ija. Anakangana ngati odziwana kalekale, galu atagona pa nsapato za alamu. Akatswiri enieniwo nawo agawanika chimodzimodzi: gulu la Clarke limaganiza za nyanja, pomwe Mike Parker Pearson wa ku University College London amakonda za pamtunda, mwala ukudutsa m'midzi anthu akuuona.

Nkhani yomwe inandiseketsa ndi ya miyala ikuluikuluyo, ya matani 20 kapena kuposa. Mu 1958, pokonza umodzi womwe unali ndi ming'alu, anauboola, ndipo mmodzi mwa ogwira ntchitoyo, Robert Phillips, anasunga kachidutswa kotuluka pa bowopo. Anasamuka nako mpaka ku Florida, n'kudzakabweza mu 2018 atakalamba. Kachidutswa kameneko ndiko kanathandiza kutsimikiza mu 2020 kuti yambiri mwa miyalayo inachokera ku West Woods, pafupi ndi Marlborough, makilomita 25 okha. Munthu kutenga katundu wa pantchito, sayansi n'kudzamuthokoza patatha zaka 60.

Tiyi atatha agogo anatsanzika, dzina sitinafunsane. Ine ndinatsala ndi chondivuta chimodzi. Anthu amene anatha kugwirizana kuchokera ku Scotland mpaka kuno sanasiye chilembo ngakhale chimodzi. Ndani analamula, ndani ankaphikira okokawo, anauzana bwanji tsiku lokumana? Zii. Chonsecho m'nyengo yomweyomweyo, cha m'ma 2400 Yesu asanabadwe, ku Umm el-Marra m'dziko la Syria munthu wina ankalemba kale timizere pa tizidutswa ta dongo totalika ngati chala, toboola kuti alowetsepo chingwe. Glenn Schwartz wa ku Johns Hopkins University anatifukula tinayi m'manda mu 2004, ndipo mu Novembala 2024 ananena poyera kuti mwina ndito zilembo za alifabeti zakale kuposa zonse, zaka 500 patsogolo pa za ku Iguputo ndi ku Sinai zomwe zinkadziwika. Akatswiri ena sakuvomereza, akuti zilembozo n'zochepa kwambiri kuti munthu agamulepo. Ine zimandisangalatsa kuti ngati Schwartz akulondola, alifabeti sinayambe ndi mawu a mfumu pa chipilala, koma ndi kachizindikiro komangirira pa katundu.

Ndinawafotokozera alamu zimenezi pobwerera, iwo maganizo adakali pa bwato.

Mukafuna kupitako m'njira yathuyi, valani nsapato zolimba chifukwa mvula ikagwa kanjirako ndi matope okhaokha, ndipo nkhosa zimasiya zake paliponse. Chimbudzi kulibe kumbali yaulereyi. Chili ku nyumba ya alendo, makilomita oposa awiri kuchokera pa miyala. Ofuna kulowa m'kati mwenimweni mwa bwalo, pafupi ndi Altar Stone, amalembetsa ulendo wapadera wa m'mawa kwambiri kapena madzulo, malo amadzaza miyezi isanakwane, ndipo mtengo wake alamu anati ndisawauze n'komwe.