Malalanje a mchombo pa tebulo lathu ku Johannesburg

Tinayamba ndi timatumba tisanu tokha, ine ndi mayi a kunyumba, pa katebulo pafupi ndi pokwerera ma taxi. Malalanje timakaoda ku msika waukulu wa City Deep m'bandakucha, chisanu cha mu June chikulowa mpaka m'mafupa. Amene amatha msanga ndi a navel. Ife timangoti a mchombo, poti kunsi kwake kuli kabowo konga mchombo wa mwana, ndipo mukasenda mumapeza kalalanje kena kakang'ono katabisala momwemo. Njere mulibe.

Nanga popanda njere amabzala bwanji? Amachita kumezanitsa nthambi. Mtundu umenewu unatulukira ku Bahia, m'dziko la Brazil. Mu 1870 mbande zake zinapita ku Washington, kenako mu 1873 mayi Eliza Tibbets anabzalako pakhomo pawo ku Riverside, California, mpomwe unafalikira. Ndikauza makasitomala kuti lalanje ali nalo m'manjalo ndi chidzukulu cha mtengo wa ku Brazil, amaseka, ati ndikufuna kukweza mtengo.

Chaka choyamba tinapsa ndi juwisi. Malalanje atatsala ambiri, mayi anati tifinye tizigulitsa m'mabotolo. Tinafinya usiku, tinalawa, kukoma kwake! Kutacha juwisi yense anali akuwawa. Tinkaganiza kuti mabotolo sanatsukidwe bwino, mpaka dalaivala wina wonyamula zipatso anatiuza kuti a mchombo ndi mmene alili, madzi ake akagona amawawa. Awa ndi osenda n'kudya. Ofinya ndi a Valencia.

Kasungidwe tinaphunziranso ndi misozi. Lalanje limodzi likachita chuku chobiriwira, anzake oyandikana nalo amatsatira, ndiye m'mawa uliwonse ndimakhuthula thumba n'kugwira limodzilimodzi. Lofewa kapena lobooka khungu ndimalichotsa pomwepo. Sititsuka tisanagulitse, sititsekera m'pulasitiki, ndipo timaika pamthunzi podutsa mphepo. Pa tebulo amakhala sabata imodzi ali bwino, mu firiji amafika masabata atatu kapena anayi. Posankha musamatengeke ndi maonekedwe, nyamulani mumve kulemera. Lolemera ndiye lamadzi.

Nyengo yake sichedwa. Kuno amayamba kuoneka cha mu April, amachuluka mu June ndi July, ikamafika August ayamba kusowa ndipo ena amakhala ouma m'kati. Pamenepo timasiya kuoda a mchombo, timalowa ku Valencia, ndipo mayi amatulutsanso mabotolo awo aja.