Mjigo wa kampani ndi kope la kapitawo

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, mayi anga ananditumiza ku Kasungu kuti ndikathere tchuthi cha Pasaka kwa amalume. Iwo anali atachoka kwathu ku Phalombe ndi banja lawo lonse kukalima fodya pa esiteti ina ngati matenanti. Anatengedwa pa lole pamodzi ndi mabanja ena, atawalonjeza kuti nyengo ikadzatha adzabwerera ndi ndalama za malata ndi njinga. Ndimakumbukira m'chigafa mmene msuweni wanga, amene amandiposa ndi chaka chimodzi chokha, ankakhala pansi kuyambira m'mawa akusoka masamba a fodya, mikangala ili lendelende pamwamba pake. Manja ake anali bii ndi utomoni wa fodya umene sunkachoka ngakhale ausambe ndi sopo, ndipo tsiku limene wathyola fodya wonyowa ndi mame ankabwera madzulo akumva mutu ndi chizungulire, nthawi zina n'kusanza. Akuluakulu ankati ndi malungo, n'kumupatsa panado.

Ndinadzadziwa nditakula kuti fodya wonyowa amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, ndipo ana ndi amene chimawapweteka msanga. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan International linatulutsa kafukufuku wokhudza ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi muno, ndipo linati pa tsiku lachinyontho mwana angathe kulandira m'thupi mwake chikonga chofanana ndi cha ndudu 50. Msuweni wangayo anali asanasutepo ndudu chibadwire.

Pa esitetipo panali kope limene kapitawo ankasunga. Ndowa ya chimanga imene banja linkalandira inkalembedwa m'menemo, mchere, makasu, feteleza, mankhwala a ku nazale, ngakhale mtengo wa lole imene inawatenga ku Phalombe. Zonsezi zinali ngongole yodzadulidwa fodya akagulitsidwa, ndipo mtengo wa fodya wa amalume ankaunena ndi mwini esiteti yemweyo, pakuti tenanti analibe chiphaso chopitira ku okushoni ku Kanengo. Usiku wina ndinawafunsa kuti, "Amalume, bwanji asuweni sapita ku sukulu?" Anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Mphwanga, fodya uyu ndingamuthe ndekha? Waganyu ndimulipira chiyani?" Anabwerera kumudzi patatha nyengo zitatu ali ndi wailesi ndi mabulangeti awiri, malata aja palibe, ndipo mwana wawo anali atasiyira sukulu mu Sitandade 4.

Ndimakumbukira kope limenelo nthawi zonse ndikaona m'nyuzipepala chithunzi cha akuluakulu a kampani atavala malaya a mtundu umodzi, akudula riboni pa mjigo watsopano kapena akupereka madesiki ku sukulu ya pulayimale, mfumu ya deralo ili pambali ikuombera m'manja. Mawu amene amalankhulidwa pa mwambo wotere tonse tinawaloweza: kampani yathu ili ndi udindo wothandiza anthu a m'madera amene timagwiramo ntchito. Mphatso zoterozo sindizinyoza. Mayi amene ankayenda mtunda wautali kukatunga madzi a pachitsime chosatetezeka amadziwa ubwino wa mjigo kuposa ine, ndipo namondwe wa Freddy atasakaza kwathu ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Chilobwe mu Marichi 2023, ufa ndi zofunda zimene makampani anabweretsa m'misasa zinapulumutsa anthu enieni. Chimene chimandivuta ndi chakuti tazolowera kuyeza khalidwe la kampani poona zimene yapereka itapeza kale phindu, pamene funso loyamba liyenera kukhala la njira imene phindulo ladzera, ndi anthu amene lawadutsa pamsana lisanafike ku banki.

Pali ena amene amakana kuti kampani ili ndi udindo uliwonse woposa malonda. Katswiri wa zachuma wa ku America, Milton Friedman, analemba mu nyuzipepala ya New York Times m'chaka cha 1970 kuti udindo wa bizinesi ndi kuchulukitsa phindu lake, malinga ngati ikutsata malamulo ndipo sikuchita chinyengo. Maganizo ake anali akuti mkulu wa kampani ndi wantchito wa eni masheya, ndipo akatenga ndalama zawo kukamangira chipatala ndiye kuti akuchita chifundo ndi thumba la eni. Mfundoyi ili ndi mbali yake yoona imene aliyense amene anayendetsapo ngakhale kagolosale amaidziwa, pakuti malonda opanda phindu amagwa, ndipo akagwa antchito onse amabwerera kumudzi chimanjamanja. Koma mfundo yonseyo yatsamira pa malamulo, ndipo amalume anali kumalo kumene lamulo silinkafika. Dziko lathu linavomereza mapangano a ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, oletsa kugwiritsa ana ntchito m'chaka cha 1999, ndipo lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14 komanso kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosakwana zaka 18. Malamulowo analembedwa bwino, koma oyendera malo a ntchito ndi ochepa poyerekeza ndi minda imene ili mbwee m'maboma a Kasungu, Mchinji, Dowa, Mzimba ndi Rumphi. Kampani imene imangofunsa ngati pali woigwira, ku malo otere ingathe kuchita chilichonse ndipo m'mabuku ake ikhalabe yoyera.

Wanzeru wina wa ku Germany, Immanuel Kant, anaphunzitsa m'chaka cha 1785 kuti munthu usamutenge ngati chipangizo chabe chokwaniritsira zofuna zako, popeza iyenso ali ndi moyo wake ndi zolinga zake. Nditamva izi koyamba sizinandidabwitse, chifukwa makolo athu anali atazinena kale m'njira yawo. Iwo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwambiwu sukana kuti mwana wa mnzako angadzakupindulire, koma umayamba ndi kumutenga ngati wako, ndipo phindu limabwera pambuyo, mukudyera limodzi. Umunthu umene timaunena kawirikawiri pa maliro ndi pa maukwati uli ndi mawu akenso pa nkhani ya malipiro, ya sikelo ndi ya mtengo wa mbewu. Kope la kapitawo linkawerengera amalume pamodzi ndi makasu ndi feteleza, monga zinthu zofunika kuti fodya afike pa belo, ndipo mwana wawo sankalembedwa n'komwe, ngakhale kuti popanda manja ake fodyayo sakanasokedwa.

Mchitidwe umenewu ndi wakale m'dziko muno. Agogo athu ankaudziwa ndi dzina la thangata, pamene anthu okhala m'minda ya azungu ku Shire Highlands ankakakamizidwa kugwira ntchito ngati lendi ya malo amene akhalapo, ndipo nkhanza za pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Ufulu utabwera eni minda anasintha, koma kakonzedwe kakuti wolima akhale ndi ngongole kwa mwini malo kanatsala, ndipo lamulo loletsa utenanti linadzakhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo m'chaka cha 2021.

Chimene chinafulumizitsa zinthu chinachokera kunja, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima. Pa 1 Novembala 2019 nthambi yoona za katundu wolowa m'dziko la America inalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko, ponena kuti pali umboni wakuti amalimidwa ndi ana ndiponso anthu ogwira ntchito mokakamizidwa. Makampani ogula fodya anayenera kusonyeza mmene amalondolera alimi awo, ndipo m'chaka cha 2020 chiletsocho chinachotsedwa pa Alliance One ndi Limbe Leaf. Mu Disembala chaka chomwecho maloya a Leigh Day anakasuma ku khoti lalikulu la ku London m'malo mwa matenanti ndi ana awo oposa 7,000 a ku Malawi, akusumira British American Tobacco ndi Imperial Brands kuti analemera ndi thukuta la anthu ogwiritsidwa ntchito mopanda chilungamo. Makampani awiriwo amakana milanduyi, ndipo anapempha khoti kuti liutaye mlanduwo ponena kuti odandaulawo sangathe kusonyeza kuti fodya amene iwo analima ndi yemweyo amene analowa mu ndudu zawo. Mu Juni 2021 woweruza anakana pempholi ndipo analola kuti mlandu upitirire.

Sindine woweruza, ndipo zoti makampaniwo ndi olakwa pa lamulo kapena ayi ndi za khoti. Koma yankho lawo lija ndi limene ndakhala ndikulisinkhasinkha, chifukwa likuonetsa pamene pagona vuto lonse. Pakati pa mwana wosoka fodya ndi fakitale yopanga ndudu pali mwini munda, pali woyendetsa mabelo, pali kampani yogula ndi kupuntha fodya ku Kanengo, pali sitima ya pamadzi, ndipo aliyense wa iwowa angathe kunena kuti mwanayo sanamulembe ntchito ndi iye. Udindo umagawidwa tizidutswa ting'onoting'ono mpaka palibe amene wausenza, pamene phindu limayenda njira yomweyo osatayika mpaka kufika kwa eni masheya. Ngati kampani imatha kudziwa giredi ya fodya amene ikugula, chinyontho chake ndi mankhwala amene anapoperedwa m'munda, sindikhulupirira kuti ingalephere kudziwa manja amene anamusoka itafunadi kudziwa.

Mfundo za United Nations zokhudza malonda ndi ufulu wa anthu, zimene anatsogolera kulemba John Ruggie ndipo zinavomerezedwa mu 2011, zimanena zofanana ndi zimenezi: kampani iyenera kufufuza ngati malonda ake akuvulaza anthu, kuphatikizapo kudzera mwa amene imagulako katundu, ndipo ntchito zachifundo zimene yachita kwina sizifafaniza kuvulaza kumene yachita kuno. Anzathu a ku Zambia anatsegulanso njira ina. Anthu 1,826 a m'midzi yozungulira Chingola anasumira kampani ya Vedanta chifukwa cha madzi amene anati anaipitsidwa ndi mgodi wa Nchanga wa kampani ya Konkola Copper Mines, imene inali pansi pa Vedanta, ndipo mu Epulo 2019 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula kuti mlandu wawo ungathe kuzengedwa ku England, kumene kuli likulu la kampani yaikuluyo. Kuyambira pamenepo kwakhala kovuta kuti kholo la kampani linene kuti zochita za mwana wake ku Africa sizilikhudza.

Ndikunena za makampani akuluakulu, koma kope la kapitawo likupezekanso pafupi ndi ife. Nyengo yokolola ikafika, mavenda amafika m'midzi ndi masikelo amene a Malawi Bureau of Standards sanawapimepo, n'kumagula soya ndi mtedza pa mtengo wotsika kuposa umene boma lalengeza, chifukwa akudziwa kuti mlimi ali ndi fizi yoti alipire sabata yomweyo. Ena a iwo ndi omwe amapereka matumba a simenti pa tsiku la pepala kutchalitchi, mpingo wonse n'kuwaimbira nthungululu. Ambiri a ife amene timadandaula za makampani akunja tili ndi mtsikana wantchito pakhomo amene tinamutenga kumudzi ali wamng'ono, timamulipira mochedwa, ndipo timati tikumuthandiza popeza akudya nsima yathu.

Msuweni wanga uja tsopano ndi bambo wa ana anayi, ndipo amalima fodya wa kontirakiti pa malo a kuchikamwini ku Mchinji. Kampani imamupatsa mbewu ndi feteleza pa ngongole, mlangizi amabwera pa njinga yamoto kudzaona munda, ndipo pa pepala limene anasaina pali chiganizo choletsa kugwiritsa ana ntchito. Zimenezi ndi kusintha kwenikweni, ndipo ana ake onse ali pa sukulu, chinthu chimene iye amachinyadira kuposa china chilichonse. Koma chiletso chimangokhala cholungama ngati mtengo wa fodya ukukwanira kulipira munthu wamkulu amene agwire ntchito imene mwana wasiya. Kampani ikaletsa ana koma mtengo n'kukhala womwewo, ndiye kuti mtolo wa khalidwe labwino yausenzetsa mlimi yekha, iyo n'kutenga mbiri yabwino.

Nditapita kukamuona chaka chatha, anatulutsa kope lake, pakuti tsopano amalemba yekha, n'kundiuza kuti, "Asuweni, inu munapita patali ndi sukulu, tandithandizani kuwonkhetsa." Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa tikulemba ngongole ya feteleza, mitengo ndi udzu wokonzera chigafa, ziguduli, jeke yobwereka podinda mabelo, mayendedwe opita ku msika wa Chinkhoma ndi ndalama zimene zimadulidwa fodya akagulitsidwa. Titafika pa aganyu othyola ndi kusoka, amene amafunika kwambiri mu Febuluwale ndi Marichi pamene nkhokwe ili mbee ndipo ana ali m'kalasi, anaika cholembera pansi. Mwana wake woyamba, mtsikana wa Fomu 2, anali chapafupi akutsuka mbale, ndipo ananena yekha kuti Loweruka ndi Lamlungu akhoza kumathandiza m'chigafa. Bambo ake anayang'ana manja awo, n'kumuuza kuti akamalize kutsuka apite akawerenge.