Malinki 240, voti ziro

Amalume amanyamula katundu wa anthu kuchoka ku Johannesburg kupita ku Mangochi: mafiriji, njinga, matilesi, chilichonse chokwana pa lole. Atamva kuti ndinaphunzirako zakompyuta anandiitanitsa ku Mayfair n'kundipatsa R1,500. "Mphwanga, munthu akafufuza pa Google zotumiza katundu kumudzi, dzina loyamba lizikhala langa."

Ndinavomera modzithemba. Pajatu ndinkadziwa za PageRank, njira ya Larry Page ndi Sergey Brin yowerenga linki ngati voti: masamba ambiri akamaloza kwa iwe, umakwera. Ndinakonza webusaiti pa WordPress, kenako usiku utatu ndinakhalira kumwaza malinki paliponse polola munthu kulembapo ulere. Anakwana 240. Imodzi ndinaizembetsa mpaka mu Wikipedia, koma sinagonemo.

Patatha mwezi tinafufuza. Tsamba loyamba, amalume mulibe. Tsamba lachisanu, zii.

Ndinapita kwa mlongo wina wa kutchalitchi amene ntchito yake ndi yomweyi, ku Braamfontein. Anatsegula tsamba lomwe ndinaikapo linki, anadina Ctrl+U kuti aone khodi, kenako Ctrl+F n'kulemba nofollow. Chinthucho chinayaka chikasu pambali penipeni pa dzina la amalume: rel="nofollow".

"Achimwene, ichi chinabwera mu 2005, Google, Yahoo ndi MSN atatopa ndi anthu ngati inu," anatero akupukuta misozi ya phwete. Tanthauzo lake, mwini tsamba akuuza Google kuti linki iyi asaiwerenge ngati voti yake. Zili ngati kalata ya kwa amfumu yonena kuti munthuyu amadutsadi m'mudzi muno koma sitikumudziwa. Mu 2019 anawonjezera rel="ugc" ya zolemba alendo ndi rel="sponsored" ya malinki olipira, ndipo Google anati zitatuzi aziziona ngati langizo chabe. Ndinati ndigwire pomwepo ngati podzitetezera. Mlongoyo anati langizolo silinaikidwe kuti lipulumutse munthu womata linki imodzimodzi malo 240. Yolemera ndi ija mwini tsamba lodalirika waiika yekha mwa kufuna kwake.

Ndinkayesa manyazi athera pamenepo. Analowa mu Settings ya WordPress ya webusaiti ya amalume, kenako Reading, n'kuloza kabokosi kopempha makina ofufuzira kuti asalembe webusaitiyo m'kaundula wawo. Ndinakachonga ndekha tsiku lomanga, kuti anthu asaone nyumba isanafoleredwe, n'kuiwala kuchotsa. Mwezi wonse tsamba lililonse linali ndi noindex, chizindikiro chouza Google kuti isalionetse kwa ofufuza. Ngakhale mavoti onse aja akanakhala enieni, woimira chisankho anali atadzichotsa yekha pa baloti.

Amalume sanakalipe. Anangofunsa kawiri tanthauzo la mawu aja, n'kundiuza kuti R1,500 ndibweza ndi msana, Loweruka lililonse kukweza mafiriji. Titamaliza kupakira tsiku loyamba ananyamuka kukadya biriyani ku Fordsburg, ine pambuyo pawo. Anatembenuka n'kukweza dzanja.

"Iwe, nofollow."