Injini ya boti isamangoyenda pang'onopang'ono

Abale amene mumakonza maboti ku Vaal Dam, kapena mukugula injini kuno ku Johannesburg yokagwira ntchito ku Nkhata Bay, tamverani. Injini ya dizilo ikamayenda pang'onopang'ono maola ambiri sitentha mokwanira, ndiye dizilo sapsa yense. Mwaye umamatirira pa mainjekita, mavalavu ndi turbo. Choipitsitsa, mkati mwa silinda mumasalala ngati galasi, maring'i a pisitoni osagwiranso: oyilo kumangotha, utsi wabuluu, dizilo wina n'kumatsikira mu sampu, mokhala oyilo.

Pakatha maola angapo, ikokeni ili m'giya, cha m'ma 75 peresenti ya mphamvu zake, kwa theka la ola. Kuiliza ili pa nyutulo n'kungotaya mafuta. Madzi oziziritsa injini azifika cha m'ma digiri 80, akamakanika onani thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa madziwo. Oyilo muzisintha msanga, osadikira maola a m'buku la injini.